Abale Awiri pa Seva Imodzi

Anthu a mumsewu wawo ankamutcha Namawaya, chifukwa chikwama chake sichinkasowa waya wolendewera kunja ngati mchira. Dzinalo anangolilandira, poti kukana dzina lachipongwe n'kulithira feteleza. Anali mayi wa zaka makumi anayi, wosalankhulalankhula, ndipo ntchito yake inali yosunga mawebusaiti a anthu. Ofesi yake inali kachipinda kuseri kwa sitolo ya mankhwala. Munali tebulo limodzi, mipando iwiri, fani yodandaula tsiku lonse, ndi kompyuta yakuda pansi pa tebulo, imene ankaitcha seva.

M'seva imodziyo munali mawebusaiti khumi ndi awiri, a telala, a kwaya, a sukulu yophunzitsa kuyendetsa galimoto ndi ena otero. Wina akadabwa kuti onsewo amakwana bwanji, iye ankati nyumba ndi imodzi koma zipinda n'zambiri, ndipo pakhomo pali pulogalamu yogwira ntchito ya ulonda. Munthu akalemba dzina la webusaiti pafoni yake, mlondayo amayang'ana pa mndandanda n'kumulozera chipinda choyenera. Vuto la mlondayu linali ulemu wopitirira. Dzina likasowa pa mndandanda, sankabweza mlendo, ankangomulowetsa m'chipinda choyamba.

Zipinda ziwiri mwa zimenezo zinali za bambo ake ndi bambo ake aang'ono, onse akalipentala okhoma zitseko. Amati chibale ndi fupa sichiola, koma cha awiriwa chinali chitayamba kununkha. Anakanganirana makina opalira matabwa amene anasiya malemu bambo awo. Makinawo anapita kwa wamng'ono, ndipo kwa zaka zisanu ndi zinayi sanapatsanenso moni. Kwa bambo ake a Namawaya dzina la mng'ono wawoyo linali loletsedwa, moti ngakhale adzukulu ankalidumpha.

Namawaya sakanatha kutaya aliyense. Bambo aang'onowo ndi amene anamusunga zaka zitatu ali ku koleji, n'kumukhomera tebulo lomwe lili muofesimo. Ndiwonso anayamba kupempha webusaiti, pa nthawi imene bambo ake ankaseka kuti chitseko sichigulidwa pafoni. N'chifukwa chake chipinda choyamba chinali chawo. Bambo ake atadzasintha maganizo, anawaika pa nambala seveni, osawauza kuti akukhala nyumba imodzi ndi ndani. Ankadziwa kuti chipinda choyambacho chinayenera kukhala tsamba lopanda kanthu, ndipo chaka ndi chaka ankati akonza mawa. Pakadafunda padajiwitsa galu.

Lachiwiri lina seva yakale inayamba kutentha, iye n'kusamutsira zonse m'yatsopano. Akukopera mndandanda wa mlonda, mwini sitolo ya mankhwala uja anagogoda kuti amuonere makina osindikizira omwe anali atameza pepala. Pobwera anapitiriza pa nambala eyiti. Mzere wa bambo ake unatsala.

Sabata yomweyo mphunzitsi wamkulu wa sukulu ina, mayi amene ankafuna zitseko makumi anayi, analemba pafoni dzina la shopu ya bambo ake a Namawaya. Mlonda uja anamulowetsa mwaulemu wonse kwa bambo aang'ono. Mayiyo anaona zitseko zokongola, anaimba nambala imene inali pamenepo, ntchito n'kupita. Zinaululika Loweruka, mayiyo atakumana ndi bambo ake a Namawaya pamsewu n'kuwathokoza kuti mnyamata wawo wabwera kale kudzayeza mafelemu.

Mzerewo Namawaya anaubwezera m'mphindi ziwiri, koma bambo ake anasiya kuyankha foni. Uthenga unabwera kudzera kwa mayi ake, omwe anaunena akuyang'ana pansi: asapondenso pakhomo mpaka munthu uja atachotsedwa m'makinamo. Atambala awiri salira m'khola limodzi, anatero bambo. Namawaya anavutika mtima kwambiri. Amadziwa kuti makasitomala ambiri a bambo aang'ono amabwera kudzera pafoni, ndipo kuwachotsa kunali kuwalanda chakudya pakamwa. Koma ankafunanso kukhala pakhonde la kwawo Lamlungu masana, kumamva bambo ake akunyoza matabwa a masiku ano. Sabata ziwiri zinatha akutsegula mndandanda uja n'kuutsekanso osakhudza kanthu.

Lolemba m'mawa anapeza bambo ake ataima pakhomo pa ofesi, atavala jekete la kutchalitchi, pensulo ili kukhutu mwa chizolowezi. Aka kanali koyamba kufika kumeneko. Mpando anaukana. Anati abwera kudzaona ndi maso awo munthuyo akuchotsedwa, chifukwa za pafoni anasiya kuzikhulupirira.

Namawaya anawaonetsa seva pansi pa tebulo, nawafotokozera za mlonda ndi zipinda, ndi mzere umene unatsala. Anavomera kuti kulakwa kunali kwake, kuti bambo aang'ono sanabe ntchito ya munthu, anangoyankha foni. Bambowo anamvetsera mpaka kumapeto.

"Ndiye mlendo wosochera mumamupititsa kwa woyamba," anatero. "Woyamba ndani?"

"Bambo aang'ono."

"Amayi ako anakuuza kuti anayamba kubadwa ndani?"

Kenako bambowo anamuuza kuti atsegule tsambalo aone chimene chikuchotsedwa, iye n'kutsegula. Panatuluka zitseko, mawindo, kabati, kenako chithunzi chimene anajambula yekha chaka chatha: bambo aang'ono ataima pambali pa makina opalira aja, dzanja lamanja atalitsamiritsa pa thabwa.

Bambo ake anatulutsa magalasi m'thumba. Anayang'ana makinawo poyamba, n'kunena chapansipansi kuti lamba wake akadali yemwe uja. Kenako anayang'ana nkhope, imvi zimene sanazionepo, masaya olowa. Anakoka mpando umene anaukana uja n'kukhala, nati akuze chithunzicho cha padzanja.

"Zala ziwiri zili kuti?"

"Makinawo, bambo. Patha zaka zinayi."

"Zaka zinayi. Bwanji simunandiuze?"

"Munati dzina lawo lisamveke pakhomo panu."

Fani inapitiriza kudandaula. Kuseri kwa khoma wa mankhwala ankauza munthu kuti amwe awiri m'mawa, awiri madzulo. Namawaya anatsegula mndandanda pambali pa chithunzicho, naika chala pa batani, kudikira mawu. Akanati chotsa, akanachotsa, ndipo zimenezo ankazidziwa ndi manyazi.

Bambo ake anachotsa pensulo kukhutu, anaizunguza m'zala zawo zonse zisanu, n'kuibwezera. Anafunsa ngati munthuyo ali ndi womupalira matabwa. Namawaya anati anali naye, koma anachoka mwezi watha, moti amene anakayeza mafelemu ndi mkamwini wawo, yemwe sadziwa n'kugwira sowo komwe.

"Zitseko makumi anayi ndi dzanja limenelo," anatero bambowo, osayang'ana mwana wawo.

Anaimirira, anavula magalasi, n'kutuluka osatsanzika. Za mndandanda sananenepo kanthu, za Lamlungu sananenenso. Namawaya anathamangira pawindo kuti aone ngati akhotere kumanzere, kwawo, kapena kumanja, kwa mng'ono wawo. Anawaona ataima pamphambano, jekete lili m'manja, galimoto zikuwadutsa, ndipo bambowo anaima pomwepo nthawi yaitali.