Tsiku limene Margery analira mochedwa

Malume anga a Ambrose Tidmarsh ankafolera nyumba za udzu m'mudzi mwathu ku Haddlecote, koma amene amawakumbukira lero sawakumbukira chifukwa cha madenga. Amawakumbukira chifukwa cha belu. Ndakhala ndikuzengereza kulemba za iwo poopa kuwaonjezera zimene sanachite, pakuti anali munthu wodana ndi kukometsera nkhani. Choncho zimene ndinaona ndi maso anga ndizinena motero, ndipo zimene ndinangomva ndinenanso kuti ndinangomva.

Anayamba kukoka chingwe cha belu asanamere ndevu. Nsanja ya tchalitchi chathu ili ndi mabelu asanu ndi limodzi, ndipo lalikulu, limene makolo analitcha Margery, linali lawo. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse inawatengera ku France n'kuwabweza ndi khutu limodzi logontha. Za kumeneko sankakamba. Atabwera anakwatira azakhali a Hester. Mwana sanakhale naye, ndipo mayi anga atamwalira ndi iwowa amene anandilera mpaka ndinakhala mphunzitsi pasukulu ya m'mudzi momwemo.

Kwathu uthenga wa maliro sunkayenda ndi miyendo. Munthu akatsikira kuli chete, malume ankatsika padenga ngakhale ntchito ili pakati, n'kukaliza Margery. Akaliza katatu, kupuma, n'kulizanso katatu, ndiye kuti ndi mayi. Akaonjezera katatu kena, ndi bambo. Kenaka ankaliza kamodzi pa chaka chilichonse chimene munthuyo wakhala ndi moyo. Amene ali kumunda ankavula zipewa n'kumawerenga, ndipo belu likamaleka aliyense ankakhala atadziwa khomo loti apiteko.

Azakhali ankalitcha beluli mkazi mnzawo.

"Mkazi wamkulu ndi uja wa kunsanja," ankatero akuthira tiyi. "Ine munanditengera kuphika basi. Koma tsiku langa likadzafika, mudzamuuze adzandilire bwino. Sindifuna anthu adzamve za imfa yanga pamzere wa nyama kwa Cyril."

"Mudzandiika ndinu, mayi."

"Bodza. Inu a kwa Tidmarsh simufa, mumangouma ngati udzu wanuwo."

Mu Juni 1940, pa nkhondo yachiwiri, dziko la France litagwa m'manja mwa Ajeremani, boma ku London linalamula kuti mabelu a matchalitchi asalirenso. Belu likalira, tanthauzo lake likhale limodzi: adani atera m'dziko. Anthu ambiri kwathu anadandaula. Ine kumalo omwera mowa sindinkapita, koma ndinamva kuti wina atafunsa ngati nduna zimenezo zinaonapo chingwe cha belu, malume anaika pansi kapu yawo ya mowa.

"Asiyeni," anatero. "Anthu aja asenza dziko lonse. Akafulumira timafa ndife, akachedwa timafanso ndife. Ine ndinaona zimene zimachitika chizindikiro chimodzi chikakhala ndi matanthauzo awiri."

Akuti aka kanali koyamba kuwamva akutchula za ku France. Mawa lake anakhoma okha chitseko cha nsanja n'kukapereka kiyi kwa a Cyril Oddie, ogulitsa nyama, mnzawo wa paubwana amene ankakoka belu lachisanu. A Oddie tsopano anali mtsogoleri wa amuna odzipereka kulondera mudzi.

Masamba atayamba kuyoyoka, azakhali anadwala chifuwa. Tinawatsitsira bedi m'chipinda chochezera, pafupi ndi wailesi. Malume anali ndi chizolowezi choimirira nkhani zikamawerengedwa, khutu labwinolo ataliloza ku wailesi, ndipo azakhali ankawayang'ana ali gone.

"Ndiye mkazi mnzanga a boma am'manga pakamwa ndithu?" anafunsa masana ena.

"Nkhondo itha, mayi."

"Ndidikire?"

"Dikirani."

"Ndiyesa. Koma ndatopa, Ambrose."

Anamwalira m'mawa wa tsiku lina mu Okotobala, ine nditawagwira dzanja. Malume anawatseka maso, anavala jekete, n'kutuluka. Ndinawatsatira, chifukwa ndinadziwa kumene akupita.

Tinapeza amayi ali pamzere mpaka pakhomo la sitolo ya a Oddie, aliyense ndi basiketi yake. Malume anawadutsa onse.

"Cyril, kiyi."

A Oddie anaika mpeni pansi. Palibe amene anafunika kuuzidwa: a Tidmarsh akafuna nsanja nthawi ya ntchito, ndiye kuti kwagwa zovuta, ndipo aliyense ankadziwa amene akudwala. Ndinaona mayi wina akugwira pakamwa. Malume anamuonanso, ndipo ndikukhulupirira kuti apa ndi pamene anazindikira zimene achita. Azakhali analengezedwa pamzere wa nyama, ndipo owalengeza anali amuna awo omwe.

"Achimwene," anatero a Oddie pang'onopang'ono, "sindingathe."

"Ndi kanthawi kochepa. Jeremani wake uti amene amabwera katatu-katatu? Aliyense adziwa kuti ndi maliro."

"Ife tidziwa. Koma asilikali ali kumlatho aja ndi ana a kutali ku Glasgow, Margery sakumudziwa. Akamva belu adzaombera chilichonse choyenda pamsewu. Mudzi woyandikana ukamva lathu uliza lake, winawo chimodzimodzi, mpaka kunyanja. Munanena nokha, mdala."

"Ndinanena Hester ali moyo."

A Oddie anapukuta manja nthawi yaitali. Kenaka anapisa m'thumba n'kuika kiyi uja pathabwa lodulirapo nyama.

"Nayu. Kulimbana nanu sindingathe, mungandithyole. Ine si nduna, inunso si nduna, koma lero nkhaniyi ili m'manja mwanu."

Malume anatenga kiyi. Amayi aja anasiya mzere n'kutilondola, a Oddie ali pambuyo ndi epuloni yawo. Zingwe za mabelu athu zimalendewera mpaka pansi, m'chipinda cha kumapazi kwa nsanja. Malume anagwira chingwe cha Margery n'kuima. Kaya anaima nthawi yaitali bwanji, sindinganene. Ine ndinkafuna akoke, ndipo ndinkaopanso kuti akoka.

Anachisiya, n'kukwera makwerero a m'nsanja. Tinawamva akugwira ntchito kumwamba. Atatsika, manja ali bii ndi mafuta, ndinaona kuti thumba la jekete limene ankasungamo chingwe chomangira udzu laphwa. Anali atamanga lilime la belu, chitsulo chija chimagunda m'kati, kuti lisasunthe.

Ndiye anakoka. Margery anagwedezeka, matabwa a nsanja analira, koma belu linali duu. Katatu, kupuma, katatu. Amayi ankawerenga ndi milomo yokha, maso ali pachingwe chikukwera ndi kutsika, mpaka zaka zonse za azakhali zinatha. Malume anabweza kiyi osayang'ana munthu.

Amene anali kuminda sanamve kanthu. Tisanaike maliro kunabwera a Pargeter, mlimi wa kumapeto kwa mudzi, atanyamula mazira a wodwala. Malume analandira mazirawo n'kuthokoza. Ndine amene ndinawaperekeza kuchipata n'kuwauza.

Kuyambira pamenepo malume ankaimirirabe nkhani zikamawerengedwa, koma za boma sankayankhaponso, kaya kuyamika kaya kudandaula. Tsiku lina ndinalimba mtima n'kuwafunsa ngati akuganiza kuti akuluakulu aja analakwitsa.

"Sanalakwitse," anatero. "Kungoti Hester sankamudziwa."

Mu Novembala 1942 asilikali athu anapambana m'chipululu cha ku Egypt, ndipo boma linalola kuti Lamulungu m'mawa mabelu alire posangalala. Anyamata okoka zingwe anali ku nkhondo. Kunsanja kunapezeka madala anayi, ndi ine wowagwirira majekete. Ansembe anati tili ndi nthawi mpaka mapemphero atayamba. Panja anthu anali atadzaza, ana ali ndi timbendera.

"Bambo," anatero malume kwa ansembe, "ndili ndi maliro amene mudzi sunamve. Ndiloleni ndiyambe ndi amenewo."

Ansembe anayang'ana panja, kenaka anagwedeza mutu kuvomera.

Margery analira. Ndinali nditaiwala kuti mawu ake amamveka m'chifuwa asanafike m'makutu. Phokoso la panja linatha. Amuna anavula zipewa osadziwa kuti akuvulira yani, ndipo ndinaona a Pargeter akuwerenga ndi zala. Belu litaleka anatembenukira kwa akazi awo n'kunena kuti, "Ndi Hester."

Madala ena aja anali atagwira kale zingwe zawo kuti ayambe chikondwerero pamene pakhomo panaima mayi Dunkley. Mwana wawo Leonard anamira ndi sitima chaka chapitacho, ndipo mtembo wake sunapezeke.

"A Tidmarsh," anatero, "nanga Leonard wanga?"

Malume anayang'ana a Oddie.

"Kokani, achimwene," anatero a Oddie akusiya chingwe chawo. "Zosangalalazo ku London alipo ambiri oliza."

Anamulizira Leonard. Zaka zake sizinatenge nthawi. Atamaliza, pakhomo panali pataima anthu ena, aliyense ndi dzina lake: nkhalamba imene inafa ndi chisanu, khanda la kwa Wickens, mnyamata wina amene anagwa ndi ndege. Malume sanakane aliyense. Nthawi ya mapemphero inakwana akukokabe, ndipo ansembe anadikira.

Motero mudzi wathu sunalize mabelu a chikondwerero tsiku limenelo. Ndiyenera kunena, kuti ndisakondere, kuti si onse anakondwa nazo. Ena anati ana analandidwa tsiku lawo, ndipo mwina ankanena zoona.

Titafika kunyumba ndinaona kuti manja a malume achita matuza, poti anali atasiya chingwe cholemera chija kalekale. Ndinawathira mafuta n'kuwamanga nsalu. Nkhani zitayamba pa wailesi sanaimirire. Anakhala pampando wa azakhali, manja ali pamaondo.

"Margery wachedwa," anatero, "koma wamulira bwino Hester."