Mizere Itatu ya Amayi

Tsitsi langa ndi louma ngati udzu wa m'chilimwe, ndipo munthu amene ankalitha anali mmodzi yekha, amayi anga. Ankalimanga ndi ulusi wakuda, kuzunguliza mpaka kagulu kalikonse kataima pakokha ngati nyanga ya mbuzi. Ankakoka mopanda chisoni. Ndikayamba kulira ankandigogoda ndi chipeso n'kunena kuti, "Khala bwino iwe, mutuwu si wako wekha."

Nditamaliza sukulu ndinalowa timu ya ntchemberembaye ya atsikana a m'mudzi mwathu, kufupi ndi Nsaru. Ndinali womwetsa zigoli, ndipo ndinkadzimva. Pabwalo lathu lafumbi palibe amene ankafunsa za tsitsi la munthu.

Amayi anandimanga nyanga zomaliza Lamulungu lina titachoka kutchalitchi. Ankatsokomola, n'kumapumira pakati. Lachitatu anawagoneka kuchipatala ku Kabudula, azakhali anga n'kutsala nawo kuwadikirira. Loweruka lake tinali ndi mpira waukulu ndi atsikana a ku Nambuma. Ndinkafuna kusiya, koma azakhali anatumiza uthenga woti amayi akuti ndikasewere, kulira pakhomo sikuchiza munthu.

Mpira usanayambe, woimbira, mayi wina wamtali wosaseka, anatindandalika pamzere. Anayang'ana zikhadabo, anavulitsa ndolo. Atafika pa ine anagwira nyanga imodzi n'kuipinda.

"Izi zimubaya mnzako m'diso. Uchotse, apo ayi ukhala panja."

Kochi wathu anali bambo wachikulire, mphunzitsi wopuma, munthu wabwino koma wopupuluma. Anayang'ana wotchi yake. "Nthawi palibe. Wometa ali pamsika pomwepa. Thamanga akakumete mpala, limeranso ili."

Kwathu munthu akamwalira, pakapita masiku achibale amasonkhana n'kumeta tsitsi. Ife tinali anthu a tchalitchi, komabe mwambo umenewu sitinausiye. Ndiye ine ndimete mpala amayi ali gone m'chipatala? Ndikafike pabedi pawo ndi mutu wa namfedwa? Amenewo ndi malodza.

"Kodi mwamva kuti amayi anga amwalira?" ndinakuwa choncho, anthu onse akumva. Ndinali ndisanayankhepo munthu wamkulu motero. Bambo aja anavula chipewa n'kuyang'ana pansi.

"Pepa mwana wanga, sindinaganize."

Amene anandipulumutsa ndi kaputeni wathu, mtsikana wogulitsa mandasi, wa pakamwa ngati wezulo. "Khala pansi iwe! Palibe akumeta pano. Tingoligoneka tsitsili, tiluke mizere."

Ngakhale kumasulako ndinkakuopa. Ulusi uja anaumanga ndi manja a amayi, ndipo mumtima ndinkangoti ukamasuka, china chake chimasukanso ku Kabudula. Ndinkadziwa kuti n'zopusa, koma mantha samva zimenezo. Amati mutu umodzi susenza denga, koma wangawu tsiku limenelo unasenza manja a atsikana anayi. Wina kukokera kuno, wina uko, chipeso chimodzi kulimbirana. Ulusi wonse ndinautola pafumbi n'kuukulunga pakansalu.

Mpirawo ndinasewera ndi diso limodzi. Linalo linali kumsewu. Kabaza aliyense wochokera mbali ya Kabudula ndinkamuona ngati wabwera ndi uthenga wanga. Mizere inagwira, tsitsi silinandisokoneze ngakhale pang'ono, koma ndinaphonya zigoli zoti ngakhale mwana akanamwetsa. Tinagonja. Palibe amene anandinena.

M'mawa mwake ndinapita kuchipatala, mtima uli m'mwamba njira yonse. Ndinawapeza ali maso, ataonda, mawu akutuluka pang'onopang'ono. Sanandifunse za mpira. Anangoti maso pamutu panga dwii.

"Wakuluka ndani? Nkhuku yofukula?"

Ndinaseka mpaka misozi, n'kuwafotokozera za woimbira uja. Za kumeta sindinanene.

"Mpira wanuwo umafuna mizere eti? Bwenzi utanena kale. Takhala pansi apa."

Azakhali anawaletsa, koma amayi anali osaletseka. Ndinakhala pasimenti, mutu nditatsamira m'mphepete mwa bedi. Anamasula mbali ya kumanzere n'kuyamba kuluka. Ndinkadikira kuti andikoke ngati kale, ndimve kuwawa, koma zala zawo zinkangoyenda mopepuka. Apo m'pamene ndinachita mantha enieni. Analuka mizere itatu, yowongoka bwino, kenako dzanja linagwera paphewa panga.

"Yotsalayo ndidzamaliza kunyumba," anatero.

Ndinayenda choncho sabata yonse ndi masiku ena, mbali ina yowongoka, ina yokhotakhota. Anzanga ankati aikonze, ine ndinkakana, ndinkati eni ake akubwera.

Kunyumba anabweradi, koma m'bokosi. Tsiku lometa litafika, tinakhala pamphasa kuseri kwa nyumba, azakhali atagwira lumo. Anayamba ndi achemwali anga, kenako anafika pa ine n'kugwira mbali ya kumanzere. Ndinawagwira dzanja.

"Zakhali, yambani mbali inayi. Itatuyi ikhale yomaliza."