Chitseko pa Mgolo

Mpaka lero ndikamva fungo la sitachi akupsa pansi pa simbi ya makala, mtima umabwerera kulokishoni ya Highfield, m'chilimwe chimene bambo anga ankaphunzira kuyenda panyanja ali kuseri kwa nyumba. Kunkatentha moti phula linkamata kumapazi. Malori a asilikali akamadutsa kumsewu waukulu, akuluakulu ankadula nkhani pakati mpaka fumbi litatsika.

Bambo anali weta pahotela ina m'tauni ya Salisbury, koma alendo atachepa chifukwa cha nkhondo, anawachotsa ntchito. Masiku amenewo nyumba ya mulokishoni inkayendera ntchito. Ukakhala lova, woyang'anira nyumba, amene tonse tinkamutchula kuti katsekera, ankabwera ndi loko wake. Kwa ife obwera, chotsatira chinali kutumizidwa ku Malawi, dziko limene ine ndinkangolimva m'nyimbo za kutchalitchi. Katsekera anali atafika kale kwathu, n'kuwauza mayi kuti mvula ikamayamba bambo akhale ali pantchito, apo ayi timange katundu.

Ndiye mnzawo wina wa kuhotela anabwera ndi nkhani. Ku Beira kunali kasitima kapamadzi ka anthu olemera, kamene kankazungulira zilumba azungu akudya ndi kumwa, ndipo eni ake, amene anali ndi ofesi m'tauni, ankafuna weta. Koma ulendo woyamba unali woyesera. Wotayira dona vinyo pa diresi ankatsitsidwa padoko loyamba. Bambo anangoti, "Ndipita." M'mawa mwake anazula chitseko cha khola la nkhuku, n'kuchigoneka pamgolo wogona cham'mbali.

Ntchito yogwedeza inali yanga. Ndinkakhala kumapeto kwa chitsekocho n'kumachikankha uku ndi uku, iwo ataima pakati, atavala jekete loyera limene mayi ankalisita tsiku lililonse ngati kuti alendo ake alipo kale. Pathireyi ankaika makapu azitini odzaza madzi mpaka m'milomo. Poyamba ndinkagwedeza mwaulemu, poti ndani angagwetse bambo ake dala?

"Gwedeza zenizeni, Esinati," ankatero. "Nyanja sidzandimvera chisoni."

Basi ndinkagwedeza ndi mtima wonse. Anagwa kangati bambo aja, ine sindingathe kunena. Maondo anasupuka, nkhuku zinkabalalika, madzi ankasanduka matope pansi pa mgolo. Mayi Tendai a nyumba yoyandikana nafe ankasuzumira pampanda, misozi ili mbwee ndi kuseka, n'kumafunsa m'Chichewa chawo chopindikacho kuti, "Nhai achimwene, sitima yanuyi ifika liti ku Beira?" Bambo ankangodzuka, kupukuta thireyi, kudzazanso makapu. Ine ndi amene manyazi ankandigwira, moti tsiku lina ndinamenyana ndi Tendai, mwana wa mayi aja, chifukwa chonena kuti bambo anga apenga.

Pang'ono ndi pang'ono anazindikira kuti chinsinsi chili m'maondo. Ukawaumitsa, wagwa. Anasiyanso kuyang'ana makapu n'kumayang'ana kutali, pamtengo wa mango wa kutsidya kwa msewu. Kenaka anapempha matambula agalasi a mayi, aja a m'kabati amene ngakhale abusa sankamwera. Mayi anawatulutsa okha, koma anakhala pakhomo dzanja lili pakamwa. Madzulo amenewo ndinagwedeza mpaka mikono kuwawa. Bambo anayenda kuchoka kumapeto kuno kukafika uko, anatembenuka, nawerama n'kuwapatsa mayi tambula lodzaza ngati dona weniweni. Ngakhale mayi Tendai anaomba m'manja.

Tinawaperekeza bambo kusiteshoni. Kuchokera tsiku limenelo ndinasowetsa anthu mtendere kusukulu. Aliyense anamva kuti bambo anga ali pasitima ya mabwana, akudya nkhanu zikuluzikulu, akugona pabedi lofewa. Koma kunyumba mayi ankangoyang'ana kumwamba. Mitambo inkasonkhana madzulo aliwonse, ndipo njinga iliyonse yoima pageti inkawadzidzimutsa.

Mvula yoyamba inagwa bambo kulibe. Patapita masiku ochepa anatulukira, atavala jekete lina la mabatani onyezimira, la eni sitima. Sanakhale n'komwe pansi. Anatula chikwama, namwa madzi, napita choncho kwa katsekera kukadzionetsa. Loko uja sitinamuonenso.

Anali ataonda kwambiri, koma ine ndinalibe nazo ntchito zimenezo. Ndinkafuna nyanja. Anandiuza kuti madzi ake ndi ofunda ngati osambitsira khanda, oyera moti umaona nsomba zamawangamawanga pansi penipeni, ndipo azungu ankadumphiramo kuchokera pasitima masana onse. Nditafunsa ngati iwonso anasambirako, anaseka pang'ono n'kunena kuti weta sasambira. Anagwira ntchito imeneyo mpaka malire a ku Mozambique atatsekedwa, ndipo pofika nthawiyo hotela ina inali itawalemba.

Zenizeni anandiuza ndi mayi, bambo atamwalira. Bambo akubwera ku Salisbury wapansi kuchokera ku Malawi ali mnyamata, anali ndi mkulu wawo. Powoloka Zambezi ku Tete bwato linagubuduka, ndipo mkulu wawoyo sanapezeke. Chiyambire pamenepo bambo sankafuna ngakhale kuyandikira mtsinje wa Mukuvisi ukadzaza. Pasitimapo ankasanza m'mawa uliwonse, kenaka n'kusukusula, kuvala jekete, kukwera pamwamba kukamwetulira alendo.

Ine nyengo yonseyo ndinkawachitira nsanje, n'kumanyanyala kuti apita kukadyerera osanditenga. Pano ndine wamkulu kuposa mmene iwo analili nthawi imeneyo, ndipo ndikudziwa kuti tsiku ndi tsiku ankaima pamwamba pa chinthu chimene ankachiopa kuposa china chilichonse, kuti ine ndizigonabe m'nyumba imene ndinabadwiramo.