Pokhota Pamene Sitinakumbe

Ndinali ndi zaka khumi chaka chimene anthu a m'mudzi mwathu, ku Ngauma, anakumba mtsinje. Ndikuti mtsinje, koma kanali kamtsinje chabe, kopanda dzina loti munthu wakutali n'kulidziwa. Ife tinkangoti kudambo. Mayi ankanena kuti iwo ali mtsikana madzi ake ankafika m'chiuno ngakhale m'chilimwe. Ine madzi oterowo sindinawaone. Chimene ndinaona ndi mchenga. Anthu akumtunda anali atadula mitengo ya m'mphepete kuti apange nazale za fodya ndi kumanga zigafa, ndipo mvula iliyonse inkakokolola dothi n'kudzalisiya kwathu. Mtsinje unakwiririka mpaka unangotsala pang'ono kulingana ndi madimba. Tikafuna madzi tinkafukula mchenga ndi manja, n'kudikira kuti asonkhane m'kadzenjemo, tizitunga ndi chikho pang'onopang'ono.

Chaka chomwecho, nyengo yozizira itangotha, mayi anabereka mwana wosapuma. Anali wamwamuna. Palibe anandiuza, ndinangomva mayi aakulu, a Felista, mkulu wawo wa mayi anga, akunong'oneza mnzawo kuseri kwa nyumba. Kwathu mwana wotere amatchedwa ntayo. Anthu salira maliro ake, sam'patsa dzina, ndipo sapita naye kumanda. Amayi akuluakulu okha amamunyamula m'mamawa n'kukamuika kudambo, m'dzenje losaya. Amuna sauzidwa malo ake, ndipo mayi wake wa mwanayo sapita nawo. Tinali anthu opemphera, Lamulungu lililonse tinali m'tchalitchi, koma zimenezi palibe amene ankakazifunsa kumeneko.

M'mawa umenewo ndinali nditalawirira kukatunga madzi. Ndinawaona amayiwo atagwada pokhota, pamene mtsinje umatembenuka moyang'anana ndi dimba lathu, m'munsi mwa bango. Kamtolo kanali kokulungidwa m'kapulana ya mayi, chitenje chawo cha maluwa achikasu. Mayi aakulu anatukula mutu n'kundiona.

"Iwe Luiza, waona chiyani?"

"Palibe."

"Eya. Tunga madziwo uzipita."

Patapita masiku, mayi akundiluka tsitsi pakhonde, anandifunsa ndi mawu omwe ankafunsira ngati mbuzi zamwa madzi.

"Tsiku lija unali kudambo?"

"Inde."

"Pati?"

Ndinawauza. Zala zawo zinaima kanthawi m'mutu mwanga, kenako zinapitiriza. Kuyambira pamenepo, m'mawa uliwonse tikamachokera kotunga madzi, ankaima pokhota paja ndowa ili pamutu. Sankalira. Mkaka unkanyowetsa bulauzi yawo kutsogolo, iwo osapukuta. Ine ndinkaima kumbuyo kwawo, khosi likuwawa ndi ndowa yanga, mpaka atayambanso kuyenda. Mayi aakulu anali atapita ku Cuamba kukasamalira mwana wawo wodwala, ndipo anakhalitsa kumeneko.

Dzuwa litafika potentha kwambiri, kunabwera bambo wa kuboma pa mota, njinga yamoto, kuchokera kuposito, kumaofesi a boma. Analankhula Chipwitikizi pansi pa mtengo wa mango, asekeretariyo a m'mudzi akumasulira. Anati mvula ikubwera yambiri, ndipo mtsinje wodzaza mchenga uli ngati mphika wodzaza kale: chilichonse chothiramo chimatayikira panja. Anati banja lililonse likumbe moyang'anana ndi dimba lake, kuya kwake mpaka m'chiuno mwa munthu wamkulu, bango la pakati lidulidwe, ndipo mchenga ukatayidwe kutali ndi gombe kuti mvula yoyamba isaubwezere. Anasiya mafosholo angapo n'kubwerera.

Masiku oyamba anali abwino, ndisaname. Mudzi wonse unali kudambo. Amuna ankakumba, amayi ndi ife ana tinkasenza mchenga m'madengu ndi m'malichero akale. Pansi pa mchenga woyera panali matope akuda onunkha ngati mazira owola, ndipo munkatuluka zinthu zoiwalika: mapale a miphika, tayala la njinga, nkhanu zimene anyamata ankathamangitsana nazo. Kunali thobwa, kunali nyimbo.

Bambo anga, a Mateyu, anali mkamwini wochokera cha ku Mandimba, munthu wosalankhulalankhula. Anayambira kumtunda kwa gawo lathu n'kumatsika, ndipo ankakumba bwino, makoma a ngalande ali owongoka. Tsiku lina chakumasana fosholo yawo inayandikira bango lija. Mayi anatula dengu pansi.

"Abambo ake Luiza, pamenepo pasiyeni."

"Bwanji?"

"Pasiyeni basi."

Bambo anayang'ana mayi, anayang'ana bango, kenako anayang'ana pansi pamene anaponda. Anabwerera m'mbuyo pang'onopang'ono. Sanafunsenso. Anawoloka n'kukakumba kangalande kakang'ono kutsidya, kotsamira gombe, kopapatiza ngati njira ya kumunda. Pakati panatsala mulu wa mchenga ndi bango, waukulu ngati nyumba, utakhala m'kati mwa mtsinje monga unalili.

M'munsi mwa dimba lathu munali nyumba ya a Jaime ndi chigafa chawo cha fodya. A Jaime anali munthu wanthabwala, wa mawu omveka kutali.

"Akamwini! Yatopa ndi fosholo kapena mwini wake?"

Anthu anaseka.

"Kwanu ku Mandimba mumakumba ndi pakamwa, eti? Kuzolowera kuitanira malonda pamalire."

"Ndimaliza mawa, achimwene," anatero bambo.

"Mawa! Mawa limenelo mulisungire m'nkhokwe, lingakuthereni."

Akazi awo a Jaime, amake Tereza, anali m'gulu la amayi aja amene ndinawaona atagwada m'mawa uja. Iwo sanaseke. Anangoti, "Inu, kumbani panupo, asiyeni anthu," n'kusenza dengu lawo.

Bambo wa kuboma uja anabweranso ntchito itatha. Anayenda m'ngalande kuyambira kumtunda, akugwedeza mutu mokondwa, mpaka anafika pokhota. Anakwera pamulu paja ndi nsapato zake, n'kuima pamwamba penipeni. Ndinamva mpweya wa mayi ukusintha pambali panga. Asekeretariyo anamasulira mawu ake: mwatsegulira madzi msewu kumtunda, mwatsegula kumunsi, koma pano mwatseka chitseko. Chaka chino madzi abwera mothamanga kuposa kale, chifukwa palibe chowachedwetsa, ndipo akafika pano adzafuna potulukira. Anafunsa mwini gawolo. Bambo anatukula dzanja n'kunena kuti amaliza mawa. Amayi onse amene analipo ankayang'ana zala za kumapazi kwawo. Ankadziwa, koma ntayo sinali yawo yoti aitchule, makamaka pamaso pa amuna ndi mlendo. Mota inalira n'kuchoka.

Mvula zoyamba zinadutsa bwinobwino m'kangalande ka bambo. Anthu anaiwala. Tinabzala, tinapalira, chimanga chinafika m'chifuwa, a Jaime anayamba kuthyola masamba oyamba a fodya.

Madzi aakulu anabwera masana. Kwathu kunkangowaza, koma kumapiri kunali kutada kuyambira m'mawa. Tinamva kaye mkokomo, ngati lole ikubwera pamsewu wa dothi koma yosafika. Mayi anandigwira dzanja, tinakwera pachulu cha kumtunda kwa dimba. Madzi anali ofiira, atanyamula zipika ndi nthochi zozulidwa ndi mizu yomwe, ndipo ankathamanga m'ngalande yathu yokongola ija popanda chowagwira. Atafika pokhota, chipika chimodzi chinapingasa pakangalande ka bambo. Zinyalala zinaunjikana pamenepo. Madzi anaima, anatupa, kenako anakwera gombe la mbali yathu n'kulowa m'dimba. Anadutsa m'chimanga ngati mulibe kanthu, n'kulunjika kwa a Jaime.

Amake Tereza anatuluka akuthamanga, mwana kumsana, wina akum'koka padzanja. A Jaime anayesa kulowa m'chigafa, madzi anawagwetsa, anyamata anawakokera kumtunda. Nyumba sinagwe mwaphokoso. Makoma anasungunuka m'munsi, ndipo inangokhala pansi pang'onopang'ono ngati munthu wotopa, denga lili pamwamba. Chigafa chinapita ndi fodya wake yense. Palibe anafa.

Anthu amandifunsa ngati ndinachita mantha. Sindikumbukira mantha. Ndikumbukira kuti nyerere za pachulu zinkandiluma m'miyendo ndipo sindinasunthe, chifukwa mayi sanasunthe. Iwo sankayang'ana nyumba ya a Jaime. Ankayang'ana bango, mpaka nsonga zake zinamira.

Madzi ataphwa tinapita kukaona. Mulu uja panalibe, bango panalibe. Panali dongo lolimba losalala, lotsukidwa ngati mbale. Mayi anaima pamenepo nthawi yaifupi kuposa masiku onse. Kenako anati, "Tiye, nyemba zili pamoto," ndipo tinabwerera.

Madzulo ake a Jaime anabwera pabwalo pathu, malaya ali matope okhaokha. Sanakalipe. Anaima patsogolo pa bambo n'kunena motsitsa mawu, "Mawa lija lafika, akamwini." Banja la a Jaime linagona kwathu mpaka mvula inatha. Ife ana tinkagona mothithikana pamphasa imodzi. Bambo anadula milimo ndi kuumba njerwa za nyumba yawo yatsopano, osapemphedwa ndi munthu. Kwa zaka zambiri anthu ankawatchula mkamwini waulesi amene anamiza nyumba ya mnzake, ndipo sindinawamve akudziteteza ngakhale kamodzi. Mayi ndi amake Tereza ankaphika pa mafuwa amodzi, ankasinja mu mtondo umodzi, ankakambirana za mchere ndi chifuwa cha ana. Za pokhota sanazitchule.

Mayi aakulu anabwera msewu utauma, pa shapa, minibasi yochokera ku Cuamba. Anamva nkhani yonse panjira asanafike ndi kunyumba komwe. Anapeza mayi akupeta chimanga kuseri, ine ndikutola zogwa pansi. Sanakhale n'komwe, anangoitana mayi ndi dzina lawo.

"Iwe Ana, bwanji sunanditumizire mawu? Tikanam'chotsa m'mawa umodzi, ife amene tinamuika, n'kukamugoneka kumtunda kouma. Zimachitika zimenezo. Amuna akanabwera kudzakumba osadziwa kanthu."

Mayi sanasiye kupeta.

"Munati tisam'tchulenso, achemwali."

Mayi aakulu anakhala pansi pafumbi ndi chikwama chawo chili pamiyendo. Gaga ankauluka kuchoka m'lichero n'kumatera pa kapulana yawo, iwo osasasa. Ndinadikira kuti wina alire. Palibe analira.

Lero ndili ndi ana anga awiri, ndipo timakhala ku Cuamba, m'bairo yathu, dera la kumunsi kwa tawuni kumene madzi amasonkhana. Sukulu ndinalekeza panjira, zamabuku sindidziwa zambiri. Kuseri kwa nyumba zathu kumadutsa ngalande yaikulu imene imadzaza mchenga, mapepala apulasitiki ndi zitsononkho, ndipo chaka chilichonse mvula isanayambe timatuluka kukaikumba. Ine ndimapita ndi wamng'ono kumsana. Ndimakumba gawo langa lonse mpaka kukakumana ndi la mnzanga, chifukwa ndinaona ndi maso kuti ngalande yokumbidwa bwino ponseponse n'kusiya malo amodzi ndi yoopsa kuposa yosakumbidwa. Madzi safunsa chifukwa chimene mwasiyira malowo. Amangotembenuka n'kulowa m'nyumba imene ili pafupi, ndipo kawirikawiri si nyumba ya amene anasiya.

Koma ndikaona malo osiyidwa, sindiseka nawo pamene ena akuseka. Ndimadikira amuna abalalike, kenako ndimapita kwa mayi wa pakhomopo ngati ndikukapempha moto, n'kukhala pansi. Sindifulumira. Nthawi zambiri chifukwa chake chimakhala chaching'ono: msana ukuwawa, bambo ali kuulendo, anakangana ndi mnansi za malire. Nthawi zina chimakhaladi ulesi, ndipo ndimabwerako nditataya nthawi yanga. Ndimapitabe. Kwathu kuja mudzi wonse unali pagombe, theka likudziwa chifukwa, theka likudziwa ngozi, ndipo panalibe munthu mmodzi wopita kuseri kwa nyumba kukafunsa mayi anga mwakachetechete kuti, pamenepa pali chiyani, ndipo tingachite bwanji.

Mayi akadali moyo, akulimabe dimba lomwe lija. Nkhaniyi sitinakambiranepo, ndipo sindikhulupirira kuti tidzakambirana. Sindiwaimba mlandu. Anauzidwa kuti asalire, sanalire. Anauzidwa kuti asatchule, sanatchule. Chimene chinawatsalira chinali kamalo ka mchenga koti aziimapo m'mawa. Kamaloko kakanasamutsidwa, nyumba ya a Jaime ikanakhalapo, ndipo mayi akanakhala ndi poima mpaka lero. Zonsezo zinkafuna m'mawa umodzi wokha m'chilimwe, ndi munthu wofunsa mvula isanagwe.