Nyali ya Mudzi Wonse

Ntchito yogulitsa nyali za sola ndinaiyamba ndi moto. Kampani inandipatsa njinga yakapalasa, chipewa chachikasu ndi nyali imodzi yoonetsa anthu. Munthu akafuna kugula, ndinkakamutengera yatsopano ku kasitolo kathu ka pa Njuli. Abwana anga, mtsikana wa m'tauni wolankhula mothamanga ngati akuthawa mvula, anandiuziratu kuti, “Achimwene, njingayi si mphatso. Mukapanda kugulitsa, tidzalanda.” Ndinaseka. Ine wobadwira ku Kadewere, wodziwa khomo lililonse ndi galu wake yemwe, n'kulephera kugulitsa nyali? Ndisaname, njingayo ndinkaikonda kuposa ntchitoyo. Ndinkaipukuta kawiri patsiku.

Milungu yoyamba ndinalankhula mpaka kukhosi kuuma. Ndikafika pakhomo ankandiyalira mphasa, kundipatsa moni mmodzimmodzi mpaka wa kumbuyo, kuigwiragwira nyali ija, kuiyatsa, kuizimitsa. Pomaliza amvekere, “Ndi yabwino zedi. Tiona tikagulitsa nandolo.” Nandoloyo anali asanachite n'komwe maluwa.

Kenako azakhali anga, alongo awo a bambo, anaferedwa apongozi awo. Anandipeza m'mamawa ndikupopa matayala. “Iwe, nyali yako ija ubwere nayo kusiwa. Anthu asakhale mumdima ngati tilibe mwana wapantchito.” Pamaliro munthu sukana, aliyense amadziwa. Ndiponso ndinaona kuti mwayi wandigwera: mudzi wonse ukasonkhana pamodzi, n'kuona wokha kuwala kwake. Mawa lake ndinamva kuti amayi a kwaya anawerenga nyimbo osatsinzinira, adzukulu anatchaja mafoni atabwera kokumba manda. Ndinabwerera kunyumba ndikuimba mluzu.

Anthu anaonadi. Anaona kuti pamudzi pabwera nyali yobwereka.

Inachoka pamaliro aja n'kupita pa maliro ena kutsidya kwa mtsinje. Mungakanize bwanji, poti awa munawapatsa? Kuchoka apo chinkhoswe, kuchoka apo mapemphero. Mvula itayamba, bambo wina anaibwereka kuti mkazi wake akudwala, koma inabwera itamatirira mapiko a ngumbi, ndipo sanandigawireko ngakhale zodzaza chikhatho. Tsiku lina wakabaza ndiye anandiuza kuti waiona ku Mbulumbuzi. Nyali inkayenda maulendo kuposa mwini wake! Ine ndinkafika m'makomo chimanjamanja, n'kumafotokoza ndi manja kuti ndi yaikulu chonchi, imawala chonchi. Iwo amvekere, “Timaidziwa, inagona kuno Lachiwiri.”

Ndinapsa mtima, ndinapita kwa azakhali. “Azakhali, inu ndi amene munayambitsa zimenezi. Gulani yanu, ena atengere chitsanzo.” Anandiyang'ana ngati ndawatukwana. “Ndigule, mwana wa achimwene anga ali nayo? Ukufuna anthu azinena kuti tinayambana?”

Apo m'pamene mphamvu zinandithera. Sindinasiye ntchito ayi, ndinangosiya kuigwira. M'mawa ndinkavala chipewa changa bwinobwino, kutsanzika mkazi wanga, kupalasa mpaka pa Njuli, n'kukaimika njinga kuseri kwa chigayo kumene madoda ankasewera bawo. Abwana akaimba foni, ndinkathamangira pambali n'kumapuma wefuwefu ngati ndikukwera chitunda. “Ndili mkati mwa ntchito, abwana, anthu akuonetsa chidwi kwambiri.” Bawo ndinaidziwa mwezi umenewo. Koma mumtima munalibe mtendere. Ndikayang'ana njinga ija itatsamira khoma la chigayo, ndinkamva chisoni ngati ndikuona mbuzi yogulitsidwa kale.

Abwana anandipeza pa bawo pomwepo, dzuwa lili paliwombo, nthanga zili m'manja. Sanakalipe, ndipo zimenezo n'zimene zinandichititsa manyazi kwambiri. Anangofunsa kumene kunali nyali. Ndinati ndifufuza kaye, chifukwa zoona zake sindinkadziwa. Anaitana wakabaza kuti akankhe njinga ija mpaka kusitolo. Madoda a bawo onse anaweramitsa mitu, kuyang'ana maenje ngati muli nkhani. Chipewa anandisiyira.

M'malo mwanga analemba mayi wina wochokera kutali, wopanda mbale ngakhale mmodzi kuno. Ndinkamuona akudutsa panjinga yanga, ndinkati mumtima, pita ukaone wekha.

Patapita miyezi iwiri ndinadzera kwa azakhali masana. Ndikuyandikira, ndinaona kanthu kakunyezimira padenga lawo. Kagalasi ka sola. Nyumba yoyandikana nayo, kenanso. Kwa bambo wa ngumbi uja, tiwiri!

“Azakhali, ichi n'chiyani?”

“Tagula, mwanawe, nanga tikanatani? Mayi watsopanoyu ndi wouma mtima, ngakhale pamaliro sabwereketsa. Iwe unali munthu.”

Ananena ndi chikondi chenicheni, ndipo zinandipweteka kuposa tsiku lolandidwa njinga. Iwo analowa m'nyumba n'kundikulungira mbatata ziwiri zootcha, ati ndidye m'njira, poti kwathu n'kutali ukamayenda wapansi.