Tsiku Limene Anatizungulira pa Manjawira

Chinayamba ngati dzino. Mwana wanga wamkazi, amene anali atangoyamba sukulu chaka chimenecho, anabwera masana ena atagwira tsaya, akuti kutafuna kukumupweteka. Ndinamupatsa panado. Pofika nthawi yokolola, tsaya lija linali litatupa ngati mbatatesi yaikulu, mano akugwedera, diso lakumanzere likutsekeka.

Kuchipatala cha kwathu ku Champiti anatitumiza ku boma. Kumeneko adokotala atamupima anandiitanira pambali.

"Mayi, ikuoneka ngati khansa ya ana. Imachizika mukafulumira, koma mankhwala ake ali ku Blantyre."

Bambo a mwanayu anali ku Joni, kugwira ntchito pa famu. Ku Blantyre ndinali ndisanapiteko, ndipo ndinalibe wachibale kumeneko. Namwino wina atandiona nditakhala pakhonde, anandiuza za mayi wina amene amathandiza ana odwala matenda otere. Amawatenga pa galimoto yake pamodzi ndi amayi awo, kukawasiya kuchipatala, kuwayendera, n'kukawatenganso.

Mayiyo tonse tinkamudziwa. Anali wa ku Biriwiri, katswiri wa ntchemberembaye amene tinkamumva pa wailesi akugoletsa, mpaka anakasewera kunja. Kenako anangosiya mpira ali ndi mphamvu zake zonse, n'kubwerera kumudzi. Apa ndi pamene anthu anayambira kunong'ona. Ankati munthu sasiya chuma cha kunja popanda chifukwa. Ena ankati analowa zasataniki, ndipo anawo amawatengera magazi.

Apongozi anga anali mmodzi mwa okhulupirira zimenezo.

"Galimoto imene ija imatenga ana amoyo n'kubweza mabokosi," anatero. "Mdzukulu wanga sakwera."

Ndinaimbira foni bambo ake. Iwo anati, "Inu ndi amene mukumuona mwanayo. Chitani chimene mukuona, koma chikachitika china musadzati sindinanene."

Mayi uja anabwera m'mawa ndi galimoto yoyera. Potuluka, mutu wake unatsala pang'ono kufika pa denga la khitchini yathu. Anagwada kupereka moni kwa apongozi, koma iwo anayang'ana kumbali. Mayiyo sanakwiye. Anapita pamene mwana anakhala, n'kumufunsa ngati amadziwa kuponya mpira. Mwanayo anaphimba nkhope ndi chitenje changa, pakuti anali atayamba kuchita manyazi ndi tsaya lake. Tinanyamuka popanda wotitsanzika.

Panjira ndinkangoyang'ana manja a mayiyo pa chiwongolero, zala zazitali zopindika m'mfundo, ndipo mawu a apongozi ankandibwerera. Iye ndi amene anayamba kulankhula.

"Ndikudziwa zimene amanena za ine, achemwali. Funsani, musaope."

"Munasiyiranji mpira?"

"Mwana wa mng'ono wanga anadwala matenda omwewa ine ndili kunja. Anamuzungulitsa kwa asing'anga mpaka chotupa chinatseka kukhosi. Ndinamva uthenga wa maliro ndikuvala nsapato kuti ndilowe m'bwalo. Ndinasewera ndithu tsiku limenelo. Nditabwera kudzaona manda, sindinathenso kubwerera."

Tikuyandikira Manjawira mwana anayamba kusanza. Linali tsiku la msika, anthu atadzaza mbali zonse za msewu. Mayi uja anaimika galimoto pafupi ndi golosale, n'kutsika kukagula madzi ndi sopo. Ine ndinatsala ndikupukuta mwana.

Ndinamva wina akumenya chitseko ndi chikhatho. Anali bambo wa jekete lakuda, maso ofiira.

"Ndi yomweyi," anauza anzake. "Ndi imene inatenga mwana wa mlongo wanga. Taonani, muli wina."

A kabaza anayandikira ndi njinga zawo. Amayi ogulitsa tomato anaimirira. Posakhalitsa sindinkaonanso msewu, koma nkhope zokhazokha pa magalasi. Wina anati opopa magazi. Mawuwo anayenda pakamwa ndi pakamwa mpaka kuseri kwa msika. Mwana anandikumbatira, chitenje chili kumutu.

Mayi uja anatuluka m'golosale ali ndi botolo la madzi m'manja. Sanathamange. Anadutsa pakati pa anthuwo, wamtali kuposa onse, n'kudzaima atatsamira chitseko cha mbali imene tinakhala.

"Malume, ndakuzindikirani," anatero kwa bambo wa jekete uja. "Tinali limodzi pa maliro. Mwana uja tinafika naye mochedwa. Ndinalira nanu."

"Munalira chiyani? Anachoka kuno akuyenda yekha. Munam'bweza ali m'bokosi, tsitsi lonse mulibe. Tsitsi lake munapita nalo kuti?"

"Ndi mankhwala amene amathothola tsitsi."

"Bodza."

Mwala unachokera kumbuyo, n'kuphwanya galasi la kumbuyo. Magalasi anatigwera m'khosi. Mwana anakuwa. Ndinamva wina akufunsa amene ali ndi petulo, ndipo galimoto inayamba kugwedezeka anyamata akuikankha. Bambo uja anandiyang'ana kudzera pa zenera.

"Mayi, tsikani ndi mwana wanu. Takupulumutsani."

Ndinene zoona, dzanja langa linafika pa chotsegulira. Kutsika kunali kosavuta. Akanatiperekeza mpaka kwathu, apongozi akanandilandira, ndipo palibe akanandiloza chala. Koma kunyumbako kunalibe chimene chikanaphwetsa tsaya lija.

Ndinatsegula chitseko, n'kutsika mwana ali m'manja. Ndinamuchotsa chitenje kumutu ngakhale ankakana, n'kutembenuzira nkhope yake kwa anthu.

Amene anali pafupi anabwerera m'mbuyo. Mayi wina anagwira pakamwa.

"Uyu ndi mwana wanga," ndinatero. "Palibe wandiba. Ndakwera ndekha. Ngati alipo pano amene angachize ichi, abwere ndimupatse mwanayu. Ngati palibe, tipatseni njira."

Palibe anasuntha. Anyamata aja anali adakali ndi miyala m'manja.

Kenako panatulukira mayi wochepa thupi, atavala duku lakuda, m'manja muli mbale ya tomato. Anali mlongo wake wa bambo wa jekete, mayi wa mwana anamwalira uja. Anayang'ana tsaya la mwana wanga nthawi yaitali.

"Achimwene, asiyeni apite," anatero motsitsa mawu. "Ine ndinali komweko, inu kunalibe. Amene ankagona nane pansi m'chipatala ndi mayi awa. Wanga chinali chitafika kale m'mimba. Uyu chikadali pa tsaya."

"Akupusitsani, mlongo."

"Kaya. Koma asiyeni."

Anaika mbale pansi, n'kupita kutsogolo kwa galimoto, n'kuyamba kukankha njinga za kabaza ndi manja ake. Mmodzi anasuntha, wina n'kutsatira. Mayi wamtali anandiuza ndilowe msanga. Tinadutsa pang'onopang'ono, anthu akumenya denga ndi zibakera, mpaka tinafika pa tala poyera.

Titadutsa mlatho wina anaimika galimoto pambali. Apa ndi pamene ndinaona kuti khutu lake likutuluka magazi, ndipo akulephera ngakhale kutsegula botolo la madzi. Ndinamutsegulira ine. Tinachotsa magalasi m'tsitsi la mwana, kamodzikamodzi.

"Kodi zimachitika kawirikawiri?" ndinafunsa.

"Kutukwanidwa, inde. Miyala ndi koyamba."

Ku Blantyre tinakhala miyezi. Mankhwala anali owawa. Mwana ankasanza, anaonda, tsitsi linathothoka lonse monga zinachitikira mwana wa ku Manjawira uja. Ana ena a m'chipinda chathu anatisiya tikuona. Koma chotupa chinayamba kuphwa, diso linatseguka, ndipo tsiku lina anapempha chimanga chootcha. Mayi wamtali uja ankabwera ndi ana ena, galasi la kumbuyo atamata ndi pepala la pulasitiki, chifukwa ankati ndalama yogulira lina ndi bwino ipite ku mafuta.

Pobwerera kumudzi apongozi anamulandira mdzukulu wawo ndi misozi, koma za mayi uja sananenepo kanthu, ndipo mpaka anamwalira sanamupatse moni. Mphekesera nazo sizinathe. Mwana wanga tsopano ali ku sekondale. Timapitabe kukamupimitsa, ndipo akangodandaula mutu kapena malungo, mtima wanga umathamanga.

Masiku ano kukamveka mwana wotupa kudera kwathu, azaumoyo amandiitana kuti ndikalankhule ndi makolo. Ndimapita ndi mwana wanga, amuone ndi maso awo. Ena amavomera, ena amatithamangitsa. Akavomera ndimaimbira mayi uja, ndipo ngati mayi wa mwanayo akuopa, ndimakwera nawo mpaka ku Blantyre.