Chikhothi cha mkazi wanga pa zenera la shopu

Chinali chaka cha 2006, ndili ndi zaka 68, pamene ndinataya zovala za malemu mkazi wanga. Palibe anandibera. Ndinazinyamula ndekha, ndinakazipereka ndekha, ndipo amene anazilandira anandithokoza. Inu owerenga, ine si munthu wolongolola. Sukulu ndinalekezera sitandade sikisi, ndipo moyo wanga wonse ndinali kapitawo wa ntchito za misewu. Ndinazolowera kulamula, kupepesa ayi. Ndalemba izi chifukwa ambiri a inu muli ndi abale kunja, ndipo imfa siyang'ana kuti munthu ali dziko liti.

Ine ndi mkazi wanga Nambewe tinapita ku London kukakhala ndi mwana wathu Tiyanjane, namwino pa chipatala china ku Edmonton. Anali atangobereka, ndiye ankafuna amayi ake amuthandize kulera khanda. Patatha zaka ziwiri Nambewe anadwala mtima, natisiya. Amalawi anzathu a ku tchalitchi anasonkha, thupi tinapita nalo kwathu ku Dedza. Zovala zake zinatsala ku London, chifukwa ndege sinyamula chilichonse chimene munthu wafuna. Tinagwirizana ndi akuchikazi kuti tidzabwera nazo chaka chotsatira, tsiku lovundukula chiliza. Mukudziwa inu kuti zovala za malemu si za mwamuna wake. Ndi za abale ake, amagawana pamphasa kuti aliyense atsale ndi chomukumbukira.

Pa maliropo mkulu wake wa Nambewe, a Esitere, anandilankhula pamaso pa anthu. Anati ndinatenga m'bale wawo kukamuphetsa ndi chisanu, ndipo zovalazo zisadzaperewere ngakhale duku limodzi. Mawuwo ndinakwera nawo ndege.

Nditabwerera ku Edmonton sindinkakhazikika. Chipinda chathu chinali chaching'ono, ndipo ndikatsegula wadiropu fungo la Nambewe linkandimenya kumaso. Ndinkakhala pansi, kudzuka, kutuluka, kubwereranso. Pa msewu waukulu wa ku Edmonton komweko panali shopu ya zachifundo, imodzi mwa zija zili ndi nthambi m'dera lililonse. Pa khoma lake panali chithunzi cha mwana wakuda atasenza chidebe cha madzi. Ndinkaona azungu akusiya matumba a zovala pamenepo. Ndinaganiza kuti zovalazo amakazigawa kwaulere kwa osauka kwathu ku Africa. Sindinafunse munthu. Kufunsa ndinkakuona ngati kudzichepetsa. Ndipo ndinene zoona zonse: mumtima ndinati bola zikavalidwe ndi osauka osawadziwa kusiyana ndi a Esitere.

Tsiku lina Tiyanjane ali ku ntchito ndinalongedza zonse m'matumba akuda. Madiresi, zitenje, maduku, nsapato. Ndinaikamo chikhothi chobiriwira chimene Nambewe ankavala popita ku tchalitchi. Ndinaikamonso chitenje chakale cha maluwa ofiira chimene anasiyiridwa ndi mayi ake, chija amayi onse a m'banja mwawo ankachidziwa. Matumbawo ndinawakankha pa kangolo koyendetsera mdzukulu wanga. Tiyanjane ataona kuti wadiropu ili mbee, ndinamuuza kuti ndatumiza kale zonse kumudzi kudzera kwa munthu wa makontena. Anakhulupirira, chifukwa ndinali ndisanamunamizepo chibadwire chake.

Sabata isanathe ndinadutsanso pa shopu ija. Pa zenera panali chidole chopanda mutu, chitavala chikhothi cha Nambewe. Sindikanachisokoneza ndi china. Batani lapakhosi linali losiyana ndi anzake, analisokerera yekha. Pa mkono panalendewera kapepala ka mtengo, mapaundi 45. Ife tinachigula chatsopano pa selo, mitengo itatsitsidwa, ndi ndalama zosafika pamenepo.

Ndinalowa. Woyang'anira shopuyo anali mayi wachizungu wachitsikana, makiyi ali m'khosi. Ndinamuuza m'Chingerezi changa cha ku misewu kuti chikhothicho ndi cha mkazi wanga, ndinapereka kuti chithandize osauka, osati kuti chigulitsidwe. Anandiyankha mwaulemu. Anati chinthu chikaperekedwa chimakhala cha bungwe, osauka amathandizidwa ndi ndalama osati ndi chovalacho, ndipo mitengo amachita kuuzidwa ndi a ku likulu. Ndinamufunsa kuti wosauka wake uti wa ku Edmonton angagule chikhothi chakale pa mtengo umenewo. Iye anangoti ngati ndikuchifuna ndichigule, andisungira mpaka nthawi yotseka.

Inu owerenga, ndalamazo ndinali nazo m'thumba. Apa ndi pamene ndinalakwa kachiwiri. Ndinati sindingagule chovala cha mkazi wanga ngati munthu wodutsa. Ndinamenya pa tebulo, ndinatuluka.

Tsikulo sindinadye. Kutacha ndinabwerera ndalama zili m'manja. Chidole chija chinali chitavala jekete ya wina. Mayi uja anati chikhothi chanyamulidwa pa vani pamodzi ndi katundu wina wabwino, kupita ku nthambi za m'madera a anthu a ndalama, kumene chingagulidwe pa mtengo wokwererapo. Sankadziwa kuti nthambi iti. Ndinafufuza m'shopu yonseyo, ndinapeza duku limodzi ndi nsapato za Nambewe. Ndinazigula.

Kuyambira pamenepo ndinasanduka woyendayenda. M'mawa uliwonse ndinkauza Tiyanjane kuti ndikukawongola miyendo. Ndinkakwera basi, kutsika, kulowa m'shopu, kupapasa zovala za akazi mzere wonse, kutuluka, kukweranso ina. Ogulitsa ankandiyang'ana ngati wakuba, nkhalamba yakuda ikufwanthula madiresi. Tsiku lina ndinatsatira mayi wina wa chikhothi chobiriwira mtunda wautali, mpaka anatembenuka ndi mantha. Mabatani ake anali ofanana onse. Ndinapepesa. Ine kupepesa mzimayi wosamudziwa pamsewu.

M'maulendo amenewa ndinaona zambiri. Ndinaona amayi athu ogwira ntchito yosamalira nkhalamba akutembenuza kapepala ka mtengo, n'kubwezera chovalacho pamalo pake. Ndinaona ana a sukulu za ukachenjede ku Greenwich akugula zomwezo uku akuseka, ati ndi fashoni ya makedzana. Kumeneko ndi kumene ndinapeza chitenje chimodzi cha Nambewe, cha buluu, atachipachika pakhoma ngati chithunzi ndi kulembapo kuti nsalu ya ku Africa. Mtengo wake kwathu ukanagula zitenje zatsopano zokwanira mudzi wa amayi. Ndinalipira. Cha maluwa ofiira chija panalibe.

Ku Croydon ndi kumene ndinamva zoona. Mu shopu ina munali mayi wa ku Zambia, wothandiza kusankha zovala kuseri popanda malipiro. Anandimva ndikudandaula ndekha m'Chichewa, anabwera. Nditamufotokozera anagwira pakamwa.

"Batate, mwavutika," anatero. "Vovala vambiri sivifika na pa hang'ala apa. Vimayenda pa sikelo, bagulisa kuli ba mabelo. Ise timati salaula, imwe mumati kaunjika."

Ndinakhala pa mpando wa oyesa nsapato. Ndiye kuti mayi wa mwana wa pa chithunzi uja, ngati chovala cha Nambewe chingamufike, adzachita kugula pa msika. Sindikunena kuti mabungwe amenewa sathandiza anthu. Mwina amathandiza, ine sindinaone mabuku awo. Chimene ndikunena n'chakuti pa khomo pawo amaika nkhope ya mwana, za sikelo ndi mabelo salemba. Munthu wobweretsa thumba ali ndi chisoni samuuza kumene likupita. Koma nanenso sindinafunse.

Nthawi ya chiliza inayandikira. A Esitere ankaimbira foni Tiyanjane kuti katundu uja sanafikebe. Ine ndinkati sitima imachedwa. Njira yowongoka inalipo, kukhala pansi ndi mwana wanga n'kumuuza. Sindinaitsate. M'malo mwake ndinatenga ndalama zimene ndinkasungira malata a nyumba ya kumudzi, ndinabwerera m'mashopu omwe aja. Ndinagula madiresi a msinkhu wa Nambewe, mabulauzi, masiketi, majuzi, pa mitengo yomwe ndinkaitukwana ija. Ndinkazibisa kunsi kwa bedi. Ndinati akumudzi sadziwa zimene ankavala ku London. Ndinatsogola kupita ku Malawi, n'kuuza aliyense kuti katundu ndakamutenga ku kontena.

Chiliza tinavundukula bwino, abusa anapemphera. Masana amayi anayala mphasa kuseri kwa nyumba ya a Esitere, nandiitana kuti ndibweretse sutikesi. Tiyanjane anali atafika dzulo lake, anakhala pakati pa amayi ake aang'ono. A Esitere anayamba kutulutsa chimodzichimodzi. Chilichonse ankachitambasula, kuchinunkhiza, kuchiika pambali. Anapitiriza choncho mpaka sutikesi inafika pakati. Kenako anafunsa kuti chitenje cha amayi awo chili kuti. Ndinati mwina chili pansi. Anakhuthula zonse pamphasa.

"Alamu," anatero, osakweza mawu, "izi ndi za akufa a eni ake. Za m'bale wathu zili kuti?"

Ndinayang'ana Tiyanjane. Anali atagwira diresi lina la madontho, akulitembenuza uku ndi uku. Iye anakhala ndi amayi ake mpaka tsiku lomaliza, ankadziwa chovala chawo chilichonse.

"Ababa, si munati munatumiza?"

Ndinaimirira, ndinanena zonse, kuyambira pa matumba akuda mpaka pa sikelo. Ndinkayembekezera kuti a Esitere andilalatira, ndipo zikanandipepukira. Sanatero. Anasankha zinthu zitatu zenizeni zija. Duku anapatsa Tiyanjane, nsapato anapatsa mng'ono wawo wotsiriza, chitenje cha buluu anaika pamiyendo pawo. Zotsalazo anazibwezera m'sutikesi, anaitseka, n'kuikankhira ku mapazi anga. Panali amayi ena pamphasapo amene zovala zawo zinali zigamba zokhazokha. Palibe anatengapo ngakhale juzi.

Ku London sindinabwererenso. Tiyanjane sanandiletse, koma sanandiitanenso. Amanditumizira thandizo mwezi ndi mwezi, sanaphonyepo. Pa foni amafunsa za mankhwala anga ndi za mvula, basi. Ndikamuuza chinthu amayamba wafunsa kwa wina ngati chili choona. Sutikesi ija ili pamwamba pa kabati, sindinaitsegulenso. Ndipo tsiku la msika ndikamva kuti atsegula belo latsopano, ndimapezeka ndafika pa kaunjika. Anyamata ogulitsa amandidziwa, amakuwa kuti madala a girini abwera. Amaganiza kuti ndimangokonda mtundu wobiriwirawo.

Inu owerenga, makamaka inu muli kunja, mverani. Munthu akamwalira, katundu wake musamukhudze mtima uli wotentha. Ngati chipinda chachepa, pemphani mnzanu wa ku tchalitchi akusungireni. Mukafuna kupereka ku shopu zimenezi, perekani zanu, ndipo funsani kaye kuti zikupita kuti, chifukwa chikalowa pakhomo paja si chanunso, ndipo pochifuna mudzalipira mtengo wa anthu olemera. Ngati mukufuna kuti wosauka avale, mupatseni m'manja. Mukalakwa, nenani tsiku lomwelo. Ndipo mukaona chanu chili pa zenera, ndalama muli nazo, gulani. Ulemu wanu simudzaufunda.

Ine ndinataya matumba asanu a zovala za Nambewe, ndinapezako zinthu zitatu. Ndinataya chitenje cha apongozi anga, chimene chikanakhala cha Tiyanjane, kenako cha mwana wake. Ndinataya malata, nyumba ikadali ya udzu. Ndinataya malo anga pamphasa ya akuchikazi. Ndinataya mdzukulu amene ndinamuyendetsa pa kangolo kaja, pano sadziwa mawu anga. Ndinataya mawu a mwana wanga akuti ababa anena, ndiye n'zoona. Chikhothi chokha ndi chimene sindinavomere kuti chinatayika. Loweruka kuli msika.